Mayi Vimlesh Mathur ndi Kanema Amene Anatikwiyitsa

Malemu achemwali athu, Mayi Vimlesh Mathur, anabadwa pa 9 Malichi 1954 konkuno ku Kanpur, m'nyumba imene takhalamoyi. Anali oyamba m'banja la ana atatu. Achiwiri ndi a Brijmohan Nigam, akhala apowo, ndipo womaliza ndine Jagmohan.

Mu 1971 anamaliza sekondale. Bambo athu ankafuna kuwakwatitsa chaka chomwecho, koma iwo anakana kudya masiku anayi mpaka anawalola kupita kukoleji ya zauphunzitsi.

Mu 1979 anakwatiwa ndi Bambo Omkar Mathur, ogwira ntchito kunjanji, ndipo anabereka mwana mmodzi, Nandita. Amuna awo atamwalira mu 1994, anabwerera kuno. Anaphunzitsa Chihindi pasukulu ya atsikana zaka makumi atatu ndi zisanu.

Tsopano ndinene zimene achemwali anandilamula kuti ndisabise. Mu 1998 ine ndi achimwene tinakangana za nyumbayi, n'kumanga khoma ili pakati pa bwalo. Mayi athu otibala, okalamba kale, ankadya mwezi umodzi mbali iyi, mwezi wina mbali iyo, atanyamula mbale yawo. Anamwalira mu 2009 ife tikulimbirana kuti maliro achitikire mbali iti.

Achemwali anatilangiza mpaka pakamwa panauma. Atapuma ntchito mu 2014, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, anapempha mayi wina amene anali wophunzira wawo kuti awaphunzitse kugwira kamera. Tinkawaseka kuti ukalamba wawasokoneza mutu.

Mu 2017, mabanja tonse titapita kuukwati ku Lucknow, analowetsa anzawo asanu m'nyumba muno n'kujambula kanema wa mphindi makumi awiri ndi ziwiri. Nkhani yake inali ya amuna awiri apachibale ndi mayi wawo woyenda ndi mbale. Palibe kampani imene inawathandiza. Anamuonetsa m'maholo ang'onoang'ono ku Bhopal ndi ku Delhi, ndipo akuti anthu ankatuluka akupukuta misozi.

Ine nditamuona ndinawazazira kuti ativula pagulu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Iwe Jagmohan, dzina lako lilimo? Nanga wadzizindikira bwanji?" Ndinakhala zaka zisanu osawapatsa moni, tikukhala nyumba imodzi.

Mu Ogasiti 2022 madokotala anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Ndinapita kuchipatala nditakonzekera kuti andipepese. Iwo anangoti, "Wabwera? Khala pansi, undisendere lalanje." Analimbana ndi matendawa zaka ziwiri, akuphunzitsabe atsikana kujambula ali chigonere.

Sabata yatha anatiitana tonse awiri. Anati, "Chithatha changa mudzanyamule limodzi, wina kumanja wina kumanzere. Mukakana, Nandita apeze anthu amumsewu, inu mukhale kunyumba." Anatisiya Lolemba, pa 14 Okutobala 2024, dzuwa litangotuluka. Tinawanyamuladi limodzi mpaka kumtsinje, ndipo Nandita ndi amene anayatsa moto wotentha thupi lawo, monga mwa mwambo wathu. Koma njira yonse ine ndi achimwene sitinalankhulane.

Achimwene a Brijmohan, papita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tisakulankhulana. Ndikukulankhulani lero pamaso pa anthu onsewa. Ndinalakwa ndine poyamba. Tsiku lakhumi ndi chitatu chimwalirire achemwali, mapemphero a maliro akadzatha, kanemayo tidzamuonetsa pabwalo pano, ndipo nonse mwaitanidwa. Mawa lake ndidzayamba kugumula khomali. Nyundo ndagula ziwiri. Mukapanda kubwera ndidzagumula ndekha, koma yanu ndidzaisiya pakhomo panu.

Malemu asiya mwana wawo Nandita, adzukulu awiri, Ishita ndi Pranay, ndiponso ife alongo awo awiri. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, ansembe, aphunzitsi anzawo, anzawo asanu aja, ndi inu aneba amene mwakhala mukutiphikira masiku onsewa, mbali zonse ziwiri za khoma.

Achemwali, ntchito yanu mwaimaliza, yotsalayi ndi yathu. Mzimu wanu uuse mumtendere.