Ndinakwera Phiri Kukayesa Maso Anga

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Amene mukuwerenga izi ndi maso anuanu, yambani mwathokoza. Ine ndine mayi wolima kachewere kufupi ndi Nzama, ndipo ng'ala inatsala pang'ono kundikhazika pakhonde moyo wanga wonse.

Inayamba mwakachetechete. Zakutali zinayamba kuyera ngati utsi, pomwe zapafupi ndinkaziona bwinobwino. Kenako kuyerako kunasendera, mpaka ndinayamba kuzula kachewere ndikuyesa udzu. Ine munthu wosatha kukhala pansi, amene ndinkafika kutchalitchi ena akadasamba, ndinasanduka wogwiridwa dzanja popita kuchimbudzi. Ndinkalira, ndipo mapemphero anga ena anali okalipa ndithu. Kuchipatala ndinkakana chifukwa anthu anandiopseza kuti diso amalitulutsa n'kuliika m'mbale.

Amene Mulungu anatuma ndi Anangozo, mayi wa m'kwaya mwathu amene sitinkamwerana madzi, eti ine ndimayambitsa nyimbo mokweza kwambiri. Iwo anali atapalidwapo ng'ala. Anafika m'mawa wina, n'kutenga chala changa kuchiika pachikope chawo. "Diso langa ndi ili, lili m'mbale ngati? Mangani nsalu tizipita." Anandikweza minibasi mpaka ku Boma, ndipo sanandisiye kufikira madokotala atandipala. Atandimasula bandeji, nkhope yoyamba kuiona inali ya Anangozo, ndipo ndinawauza kuti akalamba.

Ndiye kwaya yathu itakonza zokapemphera paphiri la kumtunda kwa Kasinje, kumene nyanja imaonekera patali, ine ndinali woyamba kukwera lole. Ana anga analetsa, koma ndinawauza kuti anapala maso, miyendo sanaikhudze. Nyanja ndinali ndisanaionepo chibadwire. Mumtima ndinati, ndikakaiona, ndiye kuti ndachiradi.

Kunali kozizira tsikulo, koma ine thukuta kamukamu ndi chisangalalo. Kanjira kake n'kopapatiza, kamiyala yoterera, kokhotakhota pakati pa mitengo ya masuku. Ndinkaima pa chilichonse. Linthumbu lodutsa njira ndinaliona, buluzi pamwala ndinamuona, ngakhale kachigamba pa siketi ya mayi amene anali patsogolo panga ndinakaona, ndipo ndinawauza. Atsikana ankapuma wefuwefu atasenza thobwa, ine ndikuwapitirira ndi nyimbo pakamwa. Anangozo anatsalira kumbuyo akudandaula mawondo.

Titafika pamwamba, abambo Jere, otsogolera kwaya, anaima pathanthwe n'kuloza kum'mawa. "Nyanja ili uko," anatero, ndipo amayi anaimba nthungululu. Ndinakankha anthu kuti ndifike kutsogolo. Ndinayang'ana kumene chala chawo chinaloza, koma kunali mbee, kuyera kokhakokha. Ndinatikita maso n'kuyang'ananso, koma palibe chinasintha. Manja anga ndikuwaona, thanthwe ndikuliona, zakutali ayi, ndendende mmene ng'ala inayambira.

Abale anga, ndinachoka pagulupo. Ndinakhala pansi kuseri kwa mwala n'kudzifunda nsalu kumutu. Ndinaganiza za khonde lija ndi dzanja londitsogolera kuchimbudzi, ndipo ndinati, Ambuye, munanditsegulira maso kuti mudzawatsekere pano, anthu akuona?

Anangozo atafika anandivundukula. Ndinawanong'oneza kuti ng'ala yabwerera, nyanja imene anzanga akuikondwerera ine sindikuiona. Anasuzumira kuchigwa, kenako anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ndani waiona? Imeneyo ndi nkhungu, mayi inu. Nthungululu zija n'zoti tafika amoyo."

Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe. Tinagwada pathanthwepo n'kuyamba mapemphero, koma ndisaname, ine sindinatsinzine. Mphepo inayamba kuwomba kuchokera kumbuyo kwathu, nkhungu n'kuyamba kung'ambika pang'onopang'ono. Ndinaona madenga a malata akung'anima kumunsi, kenako minda ya mpunga ya m'chigwa. Kuseri kwa zonsezo kunali chinthu chobiriwira ngati thambo, chotambalala, chopanda pothera, ndi mapiri ena kutsidya kwake.

"Ndi iyo!" Ndinakuwa pakati pa pemphero la abambo Jere, ndipo anthu onse anatsegula maso. Pa gulu lonse lija, woyamba kuona nyanja ndinali ine, amene chaka chatha ndinkazula kachewere wanga yemwe. Nyimbo ndinaiyambitsa mokweza kuposa kale, ndipo Anangozo sanadandaule.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza madokotala, ndikuthokozanso mayi uja wondikoka pakhonde. Inu amene patsogolo panu pangoti mbee lero, musathamangire kunena kuti zatha. Funsani mnzanu ali pambali panuyo chimene akuona, pempherani, ndipo dikirani pang'ono. Potsika phiri lija mawondo a Anangozo anakaniratu, ndipo ndi ine amene ndinawagwira dzanja, ndikuwauza popondapo, mpaka tinafika pa lole.