Yoramu Ngozo Apita M'chikopa cha Ng'ombe

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1979 ku Sharpevale, mayi awo a Enelesi, amene alembetsa mawu ano, akuchokera kodula mpunga. Bambo awo, Mngoni wa kumapiri a Champiti, anamwalira mwanayo asanamere mano.

Sukulu anayamba mu 1986, n'kukafika ku yunivesite ku Zomba mu 1999. Mayi ankayembekezera dokotala. Kunabwera munthu wofunsa za makolo a bambo ake.

Mu 2005 anakwatira a Selestina a ku Kandeu, ukwati wa kutchalitchi. Kuyambira pomwepo ankangokhalira kumapiri ndi kawailesi kojambulira, kutola nyimbo za ngoma, ziwongo, ndi maikidwe a maliro a Angoni akale. Mayi ankawafunsa ngati nyimbo amadya. Iwo ankangoti, "Amayi, nkhalamba zikupita ndi mawu m'kamwa."

Chifuwa chinayamba mu Juni chaka chino cha 2016. Anakana kutsika kumapiriko, ati agogo ena odziwa Chingoni anali asanamalize kufotokoza. Agogowo ali moyo, ndi awo akhala apowo. Pomwe malemu ankanyamulidwa kupita kuchipatala n'kuti atatsala mafupa okhaokha. Atisiya Lachiwiri, pa 8 Novembala.

Tsono mumve za bokosi, poti manong'onong'o tawamva. Bokosi palibe, ndipo si umphawi ayi. Malemu anagwira mayi awo dzanja n'kupempha kuti aikidwe chokhala, m'chikopa cha ng'ombe, monga ankachitira makolo. Akulu a mpingo ati zikatero iwo sayimba, ndipo mayiwo adulidwa. Mayi anapita kukanenerera mpaka kukhosi kuuma: nyimbo imodzi yokha, kapena pemphero la pakhomo basi. Zinakanika. A Enelesi sanagonjepo pamsika, koma apa anabwerako chimanjamanja. Dzulo avula yunifolomu ya amayi a mpingo, apha ng'ombe yawo yolimira, imodzi yokhayo. Munda wa mpunga adzalima ndi khasu.

Malemu asiya mayi awo, akazi awo a Selestina, ndi ana awiri, Tisunge ndi Chiso. Tikuthokoza a Swaleh a golosale potipatsa galimoto, adzukulu pokumba manda achilendowa osanyinyirika, ndi amayi awiri a mpingo amene abwerabe. Mayina awo sititchula, angadulidwe nawo.

Mzimu wanu uuse mumtendere, Ngozo. A ngoma, yambani. Dzuwa lakwera, chikopa chachiwisi sichidikira.