Ndinkamubisa Felista m'munda wa tiyi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ine ndine Malita, wa kumtunda kwa Milonde. Kulemba sindidziwa, koma pakamwa Mulungu anandipatsa, ndiye mundilole ndinene.

Felista uja mumamuona pa holide ndi mdzukulu wanga. Mayi ake anamwalira iye akuyamwa. Kenako malungo aakulu anamugwira, ndipo pochira makutu anali atatseka. Kumuitana, zii. Kumenya chitini kumbuyo kwake, osacheuka. Tinkangokodolana ndi kulozerana, basi.

Tsiku lina kusikelo a zaumoyo analengeza kuti boma lili ndi lamulo loti mwana wosamva, mwana wosaona, aliyense apite kusukulu. Anati aphunzitsi adzayenda pa galimoto khomo ndi khomo kufuna ana otere. Anzanga anaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo.

Abale anga, ine ndinabwera kuno kuthawa nkhondo ku Mozambiki. Kwathu kuja, alendo akafunsa kuti pakhomo pano pali ana angati, tinkadziwa kuti wina apita. Mlongo wanga anatengedwa choncho, kukasenza katundu wa anthu amfuti. Mpaka lero sitidziwa kumene anagona. Ndiye kumva zoti lamulo, zoti galimoto, ine ndinamva chinthu chimodzi: Felista akupita, sadzabweranso.

Aphunzitsi aja, mayi ndithu aulemu, atafika ndinawauza kuti mwana ali kutsidya ku Mozambiki, ku Milanje kwa azakhali ake. Kuyambira pamenepo ndinkapita naye ku esiteti. Ine kutchola tiyi, iye ndamukhazika pansi pa mitengo ya tiyi cha kukhwawa, kuti ngakhale kapitawo asamuone. Galimoto ikangolira kumsewu, ine maso kukhwawa kuja.

Ndiye linafika tsiku lija. Kwathu kuno dzuwa lili phwee, koma kuphiri kuli bii. Masana tinamva mkokomo ngati mathirakitala ambirimbiri. Aliyense anataya dengu kuthamangira kumtunda, poti tonse timadziwa, mkokomo umenewo ndi madzi akutsika ndi miyala. Ine ndinakuwa dzina lake. Ine amene, kukuwira mwana wosamva! Tiyi amafanana paliponse, mzere umene ndinamusiya sindinauzindikirenso. Ndinakwawa m'matope, kupapasa, pakamwa pali Yesu, Yesu. Ndinamugwira mwendo madzi atamufika m'chiuno. Anali chikhalire, osasuntha, chifukwa ndinamuphunzitsa ndine kuti pamene ndamuika asadzukepo.

Sabata yomweyo ndinawafunafuna ndekha aphunzitsi aja. Ndinawafunsa ngati akamutenga adzamubweza. Anandikhazika pampando, nati, "Agogo, lamulolo si lolanda ana. Likunena kuti sukulu isamukane chifukwa samva. Ndi sukulu yogonera komweko, mukamuperekeze nokha, mukaone pogona pake, teremu ikatha mukamutengenso nokha."

Ndinamuperekeza. Ndinaona ana akukambirana ndi manja mpaka kuseka, ena osaona akuwerenga ndi zala. Koma pobwerera ndinalira mu minibasi njira yonse. Teremu imeneyo chakudya chinkandikana.

Itatha ndinapita kukamutenga. Abale anga, geti ananditsegulira. Mwana anandipatsa. Anandipatsa! Ndipo Felista anagwedeza manja ake, aphunzitsi n'kumasulira kuti akufunsa chimene analakwa kuti ndizimubisa. Ndinati amuuze kuti sanalakwe kanthu, ndinkaopa kumutaya. Atamuuza, Felista anandisenzetsa chikwama chake, tizipita.

Lero Felista amalemba dzina lake, amalembanso langa. Akundiphunzitsa kulankhula ndi manja, ngakhale zala zangazi zinauma ndi tiyi, ndiye amandiseka. Mantha sanatheretu ayi, sukulu ikamatsegulira amabweranso. Koma ndimamuperekeza, ndipo ndimakamutenga.

Ngati alipo muno amene akusunga mwana wotere kuseri kwa nyumba, andipeze tikaweruka. Njira ndikuidziwa, tipitira limodzi. Ambuye alemekezeke. Ameni.