Ndinagwa Paphiri, Palibe Anati Pepani

Moni omvera anzanga. Ndine namwino ku Romford, kuno ku London. Anzanga akuntchito ananditengera kuphiri ku Scotland, kumene anthu amatsetsereka pa chipale chofewa atamanga timatabwa kumapazi. Tsikulo chipalecho chinali chitauma gwa, choterera ngati sopo.

"Tikapezana kumunsi!" anzangawo anatero, n'kuliyatsa liwiro.

Ine sindinapite patali, ndinagwa chagada. Anthu ankangondilambalala, nkhope zitabisika m'zimagalasi. Sindinavulale ayi, koma ndinakhalabe pansi ndikudikira. Kwathu ukapunthwa, ngakhale munthu wosakudziwa amathamangira kunena kuti, "Pepani mayi!"

Ndinadikira mpaka misozi inazizira m'masaya. Kenako ndinadzuka, n'kudziuza ndekha mokweza kuti, "Pepa, mwana wa amayi."

Inu muli kumudzi, mukaona munthu wagwa musamumane mawu amenewa. Kuno timawasowa.