Mpata wa Mano a Amayi Naphiri

Zaka zija ndinkagwira ntchito ya mano pa chipatala cha boma, amayi anu akadali pasukulu ya pulayimale ku Kabwata, munthu akanena kuti akupita kwa a dokotala a mano, a pabanja pake ankadziwiratu kuti abwerako dzino lili m'mpango. Khalani bwino pakhondepo, ndipo iwe Dalitso ika foniyo m'thumba, pakuti ine sindilankhula ndi munthu amene maso ake ali pansi. Iwe Taonga ndiwe wayambitsa nkhaniyi, pobwera kuchokera ku chipatala cha mano ku Woodlands dzino lako litamatidwa n'kumati, "Agogo, angoyatsa katochi basi," ndiponso kuti dokotala amene wakumatayo wanena kuti angathe kukutsekera mpata uli pakati pa mano ako akutsogolowo. Chinthu chimenecho si tochi. Ine ndinachigwira zaka zambiri, ndipo ndikuuzani mmene chinafikira m'manja mwathu.

Kale zida zathu zikuluzikulu zinali chozulira ndi siliva. Siliva ankabwera ngati ufa, ndipo tinkamusakaniza ndi madzi olemera onyezimira aja a m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi, n'kupera m'kamtondo, n'kufinyira m'kansalu, koma vuto lake linali lakuti siliva sagwira dzino, amangokhalamo ngati mwala m'dzenje. Choncho tinkaboola dzenje lotakata pansi ndi lopanikiza pamwamba kuti asatuluke, ndipo pochita zimenezo tinkadya ndi mbali ya dzino imene inalibe mlandu. Zimenezi zinkatheka pa mano otafunira, koma dzino lakutsogolo likabenthuka panalibe wofuna kuseka ndi chinthu chakuda pakamwa. Ena tinkangowasalazira pobenthukapo, ena tinkawazula n'kuwaikira la pulasitiki lovula pogona.

Nditapuma ntchito m'boma, nthawi ija zipatala zolipira zinayamba kuchuluka m'tauni, ndinalembedwa ntchito pa kachipatala kena ka pamwamba pa sitolo ya nsalu, kufupi ndi Kamwala. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi phala loyera lomatira mano, guluu wake ndi nyale yake. Nyale ya masiku amenewo sinali kacholembera kopanda chingwe kamene waona iwe Taonga. Inali bokosi lolemera ngati wailesi yakale, yokhala ndi chogwirira chonga mfuti, ndipo inkalira fani mkati mwake n'kumatentha m'manja, koma babu lake likapsa tinkadikira kuti wina wopita kunja akatigulire. Tiburashi topakira guluu, timene masiku ano amangotsegula paketi, kupaka kamodzi n'kutaya, ife tinali nato towerengeka, ndipo tikatha tinkang'amba tizidutswa ta siponji n'kumatigwira ndi kopanira. Dontho la guluu tinkaliika m'kambale kokhala ndi chivundikiro chofiirira, chifukwa ngakhale dzuwa la pawindo linkatha kuliumitsa.

Ntchitoyi ndinaikonda chifukwa inali ndi dongosolo, monga anatiphunzitsira amishoni kuti chinthu chilichonse chili ndi choyamba ndi chotsiriza. Umayamba ndi kupaka asidi wabuluu kuti dzino likhakhale, n'kutsuka, n'kuumitsa ndi mpweya mpaka lituwe ngati choko, ndipo kenako umapaka guluu ndi kaburashi n'kuwalitsa nyale, ndipo pamwamba pake umaumba phala lija mmene ukufunira n'kuwalitsanso. Malamulo ake ndi awiri, ndipo muwasunge kuti nkhaniyi muimve. Loyamba, malovu akangokhudza, ntchito yawonongeka, uyambenso. N'chifukwa chake wodwala timamudzaza thonje m'kamwa ndipo salankhula. Lachiwiri, phalalo limakhala lofewa mpaka nyale itayaka, koma ikayaka lasanduka mwala, ndipo kulichotsa n'kupala ndi makina, dzino lenileni nalo n'kupalika. Madzi akatayika saoleka.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wachikulire wa ku Chilenje, Amayi Naphiri, mkazi wamasiye wochokera ku Katete ngati ine, amene ndinkamuona pa misonkhano ya amayi a mpingo wathu atavala zoyera ndi zakuda. Anabwera ndi mwana wawo wamkazi, Misozi, wogwira ntchito ku banki, amene anali pafupi kukwatiwa ndi mnyamata wa banja lolemera la ku Kabulonga. Minibasi imene mayiwo anakwera pochokera kogula zitenje za ukwati inaima mwadzidzidzi, iwo n'kumenyetsa pakamwa pa chitsulo cha mpando, ndipo ngodya ya dzino lakutsogolo inabenthuka. Pakati pa mano awo awiri akutsogolo panali mpata wobadwa nawo, wotakata bwino, umene kwathu akale ankautama kuti ndiwo ukoma wa mkazi, mpaka ena ankasemetsa mano kuti akhale nawo.

Ndisanafunse kanthu, Misozi anayamba m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Ba dokota, mukonze dzino iyo, koma na mpata mutsekeletu. Ku Kabulonga bazakamba bwanji pa zithunzi?"

Ndinayang'ana pakamwa pa Misoziyo, ndipo ndinaona kuti mano ake akutsogolo anali otakata mopitirira, kusonyeza kuti nayenso anabadwa ndi mpata koma anautseketsa kwina. Ndinatembenukira kwa mwini mano. "Amayi, mwamva zimene wanena mwanayu. Inu mukuti bwanji?"

"Monga wanenera mwanayo, abambo," anatero akuyang'ana m'manja mwawo. "Ukwati ndi wake."

"Mwamvela? Ba mami balibe vuto," anatero Misozi, n'kukhala pa mpando wa pakona, chikwama chili pamiyendo.

Munthu wamkulu akayankha, wayankha. Ndinawafotokozera malamulo awiri aja monga ndinkachitira ndi aliyense, ndipo iwo anamvetsera ngati ali m'kalasi ya katekisimu, n'kufunsa funso limodzi lokha, lakuti, "Mwati malovu akakhudza sichigwira?" Ndinati inde, sichigwira. Anatsegula pakamwa, ndinaika thonje, ndipo ndikuuzeni adzukulu anga, pa odwala onse amene ndinawagwira, ndi ochepa amene anakhala bata ngati mayi amenewo. Sanagwedeze mutu, sanakweze lilime, ngakhale asidi uja atawawawasa pamene ndinkatsuka. Ndinapaka guluu pa mano onse awiri, ndinamuuza Misozi kuti ayang'ane kukhoma chifukwa kuwala kwabuluu kuja kumawononga maso, ndinawalitsa, ndipo ndinayamba kuumba phala, kudzaza pobenthuka paja ndi kukulitsa dzino ili ndi linzake mpaka anakumana pakati.

Inali ntchito yabwino, sindibisa. Misozi anaimirira kudzasuzumira n'kuomba m'manja. "Ba mami, mwaoneka monga mtsikana! Ba dokota yatsani, yatsani ikose."

Koma ine ndinali ndi mwambo wanga, woti pa dzino lakutsogolo galasi liyambe, nyale ibwere pambuyo, pakuti safunsa anadya phula. Ndinakankhira kumbali nyale yaikulu ya pamwamba kuti isayambe kuumitsa phala, ndinawapatsa galasi m'manja n'kunena kuti, "Amayi, musatseke pakamwa, ingoonani. Ngati zili bwino, kwezani dzanja."

Anayang'ana nthawi yaitali. Nyale yabuluu inali m'dzanja langa, fani ikulira, chala chili pa batani. Dzanja lawo silinakwere. Kenako mayi uja, amene sanaphwanye lamulo ngakhale limodzi chikhalireni pampando, anatseka milomo pang'onopang'ono, ndipo ndinaona masaya akugwedera, lilime likugwira ntchito mkati. Atatsegula, thonje linali litanyowa, phala lonse litakankhidwira kunja litapindika ngati sera, ndipo mpata uja unali pamalo pake.

"Pepani abambo," anatero akulavulira thonje m'kambale. "Lilime la nkhalamba silimva."

"Ba mami! Mwaononga! Ba dokota anakamba kuti osatseka pakamwa!"

Sindinakondwere, chifukwa phala lija linali lovuta kupeza ndipo kunja kunali anthu pamzere, koma munthu amene anafunsa yekha za malovu sangaiwale za malovu. Ndinaika nyale pansi n'kunena kuti, "Mayi Misozi, mukadikire panja."

"Koma ndine nabaleta."

"Mwawabweretsa, zikomo. Mpandowu ndi wa munthu mmodzi, ndipo pakamwa pali pamenepa mpawo. Chitseko ndi icho."

Anatuluka nsapato zikugogoda, ndipo nditatseka ndinakhala pansi, osagwira chida chilichonse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayiwo anayamba okha.

"Ndimafuna kumumvera, abambo. Mwanayu wavutika, wandimangira mpanda, wandiikira madzi m'nyumba, ndipo akuopa kuti apongozi ake adzationa ngati anthu a kumudzi. Koma m'galasimo ndaonamo mayi wina amene sindimudziwa. Bambo ake a Misozi, tsiku loyamba kundiona pa msika ku Katete, anati, 'Iwe wa mpata, sekanso ndione,' ndipo mpaka tsiku lomwalira ankanditchula choncho. Amayi anga anali nawo, agogo anga anali nawo. Iyeyu wake anatseka, ndi mano ake, sindinamuletse. Nanga akadzabala mwana wa mpata, a ku Kabulongawo akadzafunsa kuti watengera yani, adzaloza ndani?"

"Bwanji simunanene poyamba paja nditakufunsani?"

"Ndimuchititse manyazi mwana wanga pamaso pa mlendo? Lilime lalakwa lokha, iye sindinamukanire."

Ndinayambanso kuyambira pa asidi. Ndinachotsa guluu pa dzino limene linalibe vuto, ndinaumitsa, ndinapaka ndi kaburashi katsopano pobenthuka pokha, ndinaumba ngodya ija monga inalili, ndipo nditawapatsa galasi dzanja linakwera ndisanamalize kufunsa. Pamenepo ndinayatsa nyale.

Misozi analowa n'kuona kuti mpata uja ulipobe. Anauza amayi ake kuti pa zithunzi azidzatseka pakamwa, iwo n'kuyankha kuti, "Ndamva, mwana wanga," ndipo anatsika masitepe, mwana patsogolo, mayi pambuyo. Ku ukwatiko sindinaitanidwe, ndipo sindidziwa ngati anatsekadi pakamwa. Amayi Naphiri ndinapitiriza kuwaona ku misonkhano ya mpingo akuimba, ngodya ija ili chigwirire, mpaka pamene ndinamva kuti anamwalira ndipo anakaikidwa kwawo.

Patapita zaka, ine nditatsala pang'ono kusiyiratu ntchito, nyale ya bokosi ija itatayidwa kale n'kubwera ya kacholembera, kunalowa mayi wovala bwino atagwira dzanja la kamtsikana ka sukulu kamene dzino lake lotafunira linabooka. Sindinamuzindikire kuti ndi Misozi mpaka atalankhula. Kamtsikanako katatsegula pakamwa, mano ake achikulu akutsogolo anali atamera kale, ndipo pakati pake panali mpata wotakata bwino. Ndinangoyang'ana monga ndimayang'anira mano onse, koma Misozi anandigwira mkono.

"Ba Tembo, mpata iyo musagwileko. Ni ya ambuya bake, ba mami banga."

Ndinati sindinaganize zogwirako, ndipo ndinamata dzino lobookalo, iwo n'kumapita.

Masiku ano zida zapepuka, nyale zikuumitsa msanga, ndipo zimene ife tinkakhalira m'mawa wonse anzathu akumaliza munthu asanamve kutopa kwa chibwano. Sindinyoza zimenezi, chifukwa mano ambiri amene ine ndinazula ndili mnyamata lero akanapulumuka. Koma chida chikafulumira, nthawi yofunsa imachepa, ndipo munthu amene ali ndi thonje m'kamwa amayankhiridwa ndi amene waima pambali.

Tsono iwe Taonga, mpatawo ndi wako, ndipo ine sindikuuza kuti utseke kapena usatseke. Ukaganiza zopita, upite wekha, anzako a pa foni aja uwasiye panja, ndipo akakuumbira phala upemphe galasi nyale isanayake. Uyang'ane mosafulumira, ndipo ngati amene ali m'galasimo ukumudziwa, ukweze dzanja.