Mono wa Ba Morris

Loweruka lija ndinasiya zovala za ana zili m'madzi chifukwa Clementina, mnzanga wa kale wa ku fakitale, anati tikangoona chionetsero cha zopanga pamanja pabwalo la sukulu ku Estates n'kubwerako msanga, popeza pa fotini awazi akuchimuna ankabwera kudzafunsira mwana wake Sharon. Titadutsa mphasa, madengu ndi magalimoto a mawaya, tinapeza Ba Morris, amene tinkagwira nawo shifiti imodzi, ataima patebulo ndi mono wa nsomba wa nsungwi, wautali ngati mwana wa giredi wani, ndipo ine ndinangokhala pa mtondo wa malonda a wina n'kuvula nsapato.

"Ba Morris," anatero Clementina, "ichi ndiye mwatiitanira? Dengu lopanda pansi?"

"Ni mono, amake Sharon. Masabata eyiti nakhala niluka. Majaji apita pano pa fifitini awazi."

"Inu kuluka? Munthu amene munali kukangiwa kumanga pakamwa pa saka?"

"Saka inalibe mano. Onani apa." Ba Morris analoza pakamwa pa monowo. "Nsomba ilowa apa. Tumitengo utu tosongoka tuyang'ana mkati. Kulowa ilowa, kuchoka siichoka."

"Awe! Apa nsomba ingalowe, n'kudya, n'kuchoka, mawa n'kubwera na ana ake."

"Siingachoke."

"Chokani nikuonetseni."

Clementina anapinda mkono wa bulauzi, n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono. Anatambasula zala mkatimo ngati akutsanzika basi. Kenako anakoka. Mono unabwera naye. Anakokanso. Tebulo linabwera nalo.

"Mwakodwa?" anafunsa Ba Morris, maso akuwala.

"Ndani?"

"Inu."

"Sininakodwe ine."

"Simunakodwe?"

"Nakamba kuti sininakodwe. Muli malo ambiri muno. Munthu angachite lenti."

Nkhope ya Ba Morris inagwa. Anavula chipewa ngati wamva maliro.

"Ndiye kuti uli na vuto," anatero. "Zikomo mwaniuza majaji asanafike. Musasunthe."

"Mufuna kuchita chani?"

"Kukonza." Anatulutsa chingwe m'thumba, anachizunguliza pakamwa pa mono, anaponda tebulo ndi phazi n'kukoka ndi mphamvu zonse. "Manje bwanji?"

"Mayo!"

"Mwati?"

"Nati... sininakodwe, manje ndiye watakasuka kupambana poyamba."

"Ah! Watakasuka?" Anapukusa mutu n'kutenga waya. "Nsungwi za masiku ano. Pepani, amake Sharon, pirirani pang'ono."

Anamanga wayayo kawiri, n'kupotokola ndi pulayazi. Clementina anayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda ngati ali pa mapemphero a Lachisanu. Ine ndinati, "Clementina, ingovomera tizipita." Anandiyang'ana diso lija ankayang'anira masupavaiza, ndipo ndinabwerera ku mapazi anga.

"Chotsani manje," anatero Ba Morris, "nione pamene pakupulumukira."

"Nizachotsa pa nthawi yanga."

"Nthawi yanu ni iti?"

"Simunigulire wotchi inu."

Foni inalira m'chikwama. Clementina anaifukula ndi dzanja lamanzere, anaigwetsa, ndinamutolera.

"Halo, Sharon. Eee. Anyamuka ku Lusaka? Angati? Motoka ziwiri? Nili pafupi. Nagwirika chabe na kantchito. Sesa pakhomo, uyale nsalu yoyera pa tebulo." Anadula foni n'kutsokomola. "Ba Morris. Nifunseko chabe. Osati za ine."

"Funsani."

"Tikambe kuti nsomba yalowa. Manje yafuna kuchoka."

"Siingachoke."

"Yafuna maningi. Ili na alendo kunyumba."

"Nsomba ilibe nyumba. Nyumba yake ni madzi, ndipo madzi alimo kale mu mono."

"Chabwino! Mwini wake wa mono wabwera, afuna kudya nsomba. Aichotsa bwanji?"

"Mu miono ya anthu ena, amasula kumbuyo n'kukhuthula."

"Ehe! Masulani kumbuyo."

"Uyu ulibe kumbuyo." Ba Morris anamwetulira n'kuzungulira tebulo. "Ndiye nzeru yake iyo. Onani, uku pakamwa, uku pakamwa. Mu mtsinje, yochokera ku Chanyanya ilowa uku, yochokera ku buliji ilowa uku. Palibe wina anaganizapo."

"Nanga potulukira?"

"Palibe."

"Palibe bwanji?"

"Amake Sharon, mwaiwala? Ine ku fakitale zaka twente-fili ninali ku zolowa. Katundu afika, nilandira, nilowetsa. Zotuluka anali Ba Gideon."

"Ba Gideon ali kuti?"

"Anabwerera ku Petauke."

Clementina anatseka maso. "Munauyesapo pamadzi mono wotere?"

"Umodzi uli ku Chanyanya kuyambira Juni. Muli nsomba leveni."

"Munadyapo?"

"Awe. Koma zili bwino. Nipita pa njinga Lachiwiri na Lachisanu kukazipatsa gaga. Zanenepa."

"Ndiye inu simugwira nsomba. Mulera."

"Kugwira nagwira. Zinazo ni dipatimenti ina."

Anthu anayamba kuunjikana, poganiza kuti ndi chionetsero. Ba Morris anawafotokozera mwaulemu kuti mayiwa sanakodwe, akungoyesa. Clementina anavula chitenje cha pamwamba n'kuphimba mkono ndi mono womwe, ndipo zinaoneka ngati wanyamula mwana wa mwini wake wodwala.

"Nawukonda," anatero mwadzidzidzi. "Nipatseni nipite nawo kunyumba. Manje manje."

"Mwati uli na vuto."

"Nikonda vinthu va vuto. Inu nakhala na inu zaka zingati?"

"Siungachoke patebulo majaji asanapite. Ni lamulo. Ndiponso naumangirira ku mwendo wa tebulo na loko, chifukwa cha akawalala."

"Kiyi ili kuti?"

"Ili na akazi anga."

"Akazi anu ali kuti?"

"Ku kwaya. Aweruka pa sikisitini."

"Ndiye tinyamule na tebulo!"

"Tebulo ni ya tchalitchi. Ninasaina. Koma amake Sharon, simvetsa. Ngati mufuna kupita, chotsani chabe dzanja mupite. Mono nizakubweretserani Mande pa njinga."

"Nifuna kupita nawo nili momwemo."

"Chifukwa?"

"Muli kamphepo kabwino."

Ba Morris anawerama, anasuzumira pakamwa penapo, n'kuyika tsaya kuti amve kamphepoko. "Sinikamva," anatero. "Kapena kali mkati kwambiri. Lowani pang'ono muniuze pamene kachokera."

"Sinilowa."

"Kapena pamene mwafika ni pothina, mukapitako patsogolo ni potakasuka. Ninaika mimba yaikulu."

Clementina anaganiza. Ndinamuona akuganiza, ndipo ndinadziwa kuti tachedwa. Anakankha mkono kuti mwina upeze njira. Mono unamumeza mpaka m'khwapa.

"Ehe," anatero Ba Morris mokhutira. "Mbali yolowa ilibe vuto."

Foni inaliranso. Ndinamuyikira pa khutu ndine.

"Sharon. Apita pa Shimabala? Kale? Ayendetsa ngati athawa chani? Usalire, iwe, uzaononga paudala. Nibwera. Nakamba kuti nibwera!"

Clementina anadula foni. Thukuta linali kutsika m'khosi. Anayankhula motsitsa, osayang'ana munthu.

"Ba Morris. Nakodwa."

"Mwati?"

"Nakodwa."

"Koma munakamba kuti simunakodwe. Katatu. Nitenge iti?"

"Tengani ya manje."

"Ya manje ni imodzi, zakale ni zitatu."

"NAKODWA! Nakodwa, nakodwa, nakodwa! Zakwana folo! Kuyambira pamene ninalowetsa chala choyamba! Mono wanu uluma ngati galu wa ku polisi!"

Ba Morris anavala chipewa, anachivulanso, anawomba m'manja. Anagwira chanza munthu wina amene ankangodutsa ndi chimanga chootcha.

"Ugwira! Mwamva nonse? Amake Sharon, Mulungu akudalitseni. Mukambe chimodzimodzi pa fifitini awazi, na mawu amene awo, na galu yemwe."

"Pa fifitini nizakhala nagwada pa mphasa kunyumba kwanga! Tengani mpeni mudule!"

"Kudula? Masabata eyiti?"

"Sharon wayembekeza zaka seveni kuti mnyamata uja atume anthu! Akafika apeze mayi wa mwana palibe, azaganiza chani? Azati sitiwafuna. Azatembenuza motoka. Kapena nipite chonchi? Niwombe m'manja na chani, na tebulo ya tchalitchi?"

"Mungawombe pa ntchafu."

"Ba Morris!"

"Sharon uja ninamunyamula pa njinga kupita ku kiliniki ali na chikuku?"

"Yemweyo."

"Akwatiwa?"

"Ngati munichotsa muno."

Ba Morris anayang'ana mono, anayang'ana mpeni umene unali pansi pa tebulo, anayang'ananso mono. Anatenga mpeniwo, anauyika pa nsungwi. Anaubweza.

"Dikirani. Mano aya ayang'ana mkati. Munthu akakhala mkati angawakankhe, n'kutseguka."

"Ine nili mkati, sinikwanitsa."

"Inu muli mkati molakwika. Pafunika wina wochokera kutsogolo kwanu."

Anapinda malaya, anazungulira ku pakamwa pachiwiri, n'kulowetsa dzanja. Linalowa bwinobwino, mpaka phewa. Anapapasa mkatimo.

"Ichi n'chani?"

"Ni chala changa, siyani! Anthu aona!"

"Pepani. Eya, mano awa. Nakankha. Kokani pang'onopang'ono... osati ngati muzula chinangwa... ehe."

Mkono wa Clementina unatuluka, uli ndi mizere yofiira ngati wakwapulidwa ndi mphaka. Anaupukusa, anaupsompsona, anatsitsa mkono wa bulauzi n'kumanga chitenje. Ine ndinavala nsapato. Inali kota tu fotini, ndipo kunyumba kwake ndi mphindi teni ngati munthu sukupatsa moni aliyense.

"Yendani bwino," anatero Ba Morris. "Mupatse moni akuchimuna."

Anakoka dzanja. Mono unabwera nawo. Anakokanso. Tebulo linabwera nalo.

"Amake Sharon."

"Ee?"

"Nakodwa."

"Naona."

"Uluma! Mayo, uluma! Ni chonchi zimvera nsomba? Lowetsaninso dzanja uko munikankhire mano!"

"Nilowenso? Kuti tizisinthana mpaka Sharon akalambe?"

"Ndiye dulani! Mpeni uwo apo! Dulani chabe, nizaluka wina! Amake Sharon, chala chazizira!"

Clementina anatola mpeni uja, anauyang'ana mbali zonse, n'kuuponya m'chikwama mwake. Anawaveka Ba Morris chipewa chawo, anawakonzera kolala, n'kundikoka dzanja kuti tizipita.

"Mono wagwira anthu awiri akuluakulu tsiku limodzi, pamtunda, popanda na nyambo yomwe, inu mufuna kuudula? Imani mowongoka, Ba Morris, majaji akuoneni bwino."