Mipando Ili Pakhonde, Mbatata Ikuola

Akuwailesi, ndiwerengereni kalata iyi, mwina wina andipatsa nzeru. Ndine mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke. Mayi akunyumba anandiuza kuti, "Bambo, gulani pikapu." Ine ndinakakamira chigalimoto chakale chotseka kumbuyo, kuti tizifika kutchalitchi titakhala pamipando yawofuwofu.

Nditakumba mbatata, ndinachotsa mipando ija kuti matumba alowe. Tili pachitunda, tisanafike n'kumsewu watala komwe, injini inawira n'kuzimiratu. Amakaniko akuti galimotoyo inayenda kale mitunda yake yonse, yatha. Mbatata yotsala ikuolera kumunda, ndipo onse a mapikapu atanganidwa ndi katundu wawo. Ndilowere kuti ine?

Mipando ija ili pakhonde. Mayi amakhalapo posenda nyemba.